Kulondola mapazi a Arvo Pärt ku Estonia

Lolemba, Tallinn

Ndafika masana, kunja kuli kamphepo kolowa m'mafupa ngakhale kuti Seputembala wangoyamba kumene. Bwalo la ndege lili m'mphepete mwenimweni mwa mzinda, moti dzuwa lisanapendeke ndinali nditatula kale katundu.

Anzanga a ku kwaya mukudziwa chandibweretsa kuno. Ndikulondola mapazi a bambo Arvo Pärt, wopeka nyimbo amene anabadwira ku Paide, pakati pa dziko lino, pa 11 Seputembala 1935. Estonia ndi kadziko ka anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, koma kuyambira 2011 mpaka 2018 a Bachtrack, amene amawerengera makonsati a nyimbo za classical padziko lonse, ankapeza chaka ndi chaka kuti mwa opeka onse amoyo palibe amene nyimbo zake zinkaimbidwa kwambiri kuposa za bambowa.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri amawadziwa ngati opeka tinyimbo togonera. Munthu amamva Spiegel im Spiegel m'kanema, piyano ikudontha pang'onopang'ono, vayolini ikukoka mawu ataliatali, n'kunena kuti zoterezi aliyense angathe kulemba. Ine ndimakana. Nyimbo zimenezi zinabwera ndi thukuta, ndipo mwini wake zinamutayitsa dziko lakwawo kwa zaka 30. Ndikufuna kuona ndi maso malo amene zimenezi zinachitikira.

Lachiwiri, Rakvere

Ndinakwera sitima ya m'mawa kulowera kum'mawa, makilomita pafupifupi 100. Njira yonse ndi nkhalango, madambo ndi minda yosalala, phiri osalionako.

Arvo anabwera m'tauni ino mu 1938 ali ndi zaka zitatu, iye ndi mayi ake, makolo ake atasiyana. Kuno n'kumene analowa sukulu ya nyimbo, mphunzitsi wake wa piyano ali Ille Martin. Kunyumba kwawo kunali piyano yakale imene makiyi ake apakati anali akufa, choncho mwanayo ankasewera ndi mawu apamwamba kwambiri ndi apansi kwambiri okha. Ena amathamangira kunena kuti apa m'pamene panachokera kamvekedwe ka nyimbo zake za m'tsogolo. Ine sindingafike pamenepo, pakuti pakati pa piyano yothyokayo ndi nyimbo timazidziwazi panadutsa zaka zambiri za zinthu zina. Chimene ndikuonapo n'chakuti mwanayu anazolowera adakali wamng'ono kugwira ntchito ndi zochepa zimene zilipo.

Pabwalo la pakati pa tauni pali chiboliboli cha mnyamata ali ndi njinga yake, watchera khutu. Anachiika mu 2010, a Pärt akukwanitsa zaka 75. Nkhani yake ndi iyi: pabwalo la msika panali mkuzamawu umene unkaulutsa mapulogalamu a wayilesi, ndipo ikafika nthawi ya konsati ya okestra, Arvo ankangozungulirazungulira pa njinga mozinga mkuzamawuwo mpaka nyimbo itatha. Ndinaima pambali pake nthawi ndithu. Chiwongolero cha njingayo n'chozizira, ndipo ana a sukulu odutsa amachigwira osaima n'komwe, monga chinthu chimene anakula nacho.

Tisaiwale nthawi imene mnyamatayu ankapalasa njingayo. Asilikali a Soviet Union analanda Estonia mu 1940, a Germany analowa mu 1941, a Soviet n'kubweranso mu 1944 osachokanso kwa zaka pafupifupi 50. Mu Malichi 1949, m'masiku owerengeka chabe, anthu oposa 20,000 anawalonga m'mabogi a sitima kupita nawo ku Siberia, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Arvo anali ndi zaka 13.

Pa benchi pafupi ndi chibolibolicho ndinacheza ndi agogo ena aakazi amene amalankhulako Chingerezi pang'ono. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, nthawi imeneyo anthu ankakambirana za amene anatengedwawo?" Anapukusa mutu. "Mwana wanga, ngakhale m'nyumba mwako momwe unkayamba wayang'ana kaye pakhomo usanatsegule pakamwa." Anakonza mpango wawo, natsanzika.

Lachitatu, Tallinn

Lero ndayenda wapansi tsiku lonse. Ndinayambira ku nyumba ya zisudzo ndi makonsati yotchedwa Estonia, yomangidwa mu 1913, imene inapsa ndi mabomba mu Malichi 1944 n'kumangidwanso nkhondo itatha.

A Pärt anabwera mumzinda uno mu 1954 kudzapitiriza maphunziro a nyimbo, koma posakhalitsa anawaitana ku usilikali, kumene ankaimba oboe ndi ng'oma m'bandi ya asilikali. Atabwerako analowa ku Conservatory ya Tallinn, sukulu yaukachenjede ya nyimbo, kumene anaphunzira kupeka pansi pa Heino Eller mpaka 1963. Akadali pa sukulu anapeza ntchito ku wayilesi ya Estonia yojambula ndi kukonza mawu, ndipo anaigwira mpaka 1967. Ntchito imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika m'mbiri yawo. Munthu amene wakhala zaka pafupifupi khumi atavala mahedifoni, kumvetsera mmene liwu limayambira ndi mmene limazimiririkira m'chipinda, khutu lake limasiyana ndi la anzake. Ankalembanso nyimbo za m'makanema ndi za ana, n'kumapezerapo ndalama yodyera.

Amene amangodziwa a Pärt odekha angadzidzimuke atamva zimene ankalemba ali mnyamata. Mu 1960 analemba Nekrolog, nyimbo yoyamba m'Estonia kutsata njira ya manoti 12. M'njira imeneyi wopeka amandandalika manoti onse 12 m'ndondomeko imene wasankha, ndipo noti siibwerezedwa mpaka anzake onse atamveka. Zotsatira zake n'zakuti nyimbo imasowa "do" wake, khutu silipeza pokhazikika. Akuluakulu a ku Moscow ankaiona njirayi ngati matenda ochokera ku mayiko a azungu akumadzulo, ndipo mu 1962 Tikhon Khrennikov, mkulu wa bungwe la opeka nyimbo m'Soviet Union yonse, anaidzudzula poyera. Chaka chomwecho nyimbo yawo ina ya kwaya ya ana, Meie aed, inapata mphotho yoyamba pa mpikisano wa opeka achinyamata ku Moscow komweko. Umo ndi mmene moyo unalili, kutamandidwa ndi kuopsezedwa ndi anthu amodzimodzi.

Chimene ndinadzera pa nyumba ya Estonia ndi usiku wa pa 16 Novembala 1968. M'holo imeneyi Neeme Järvi anatsogolera Credo kwa nthawi yoyamba, nyimbo ya piyano, kwaya ndi okestra. Imayamba ndi kwaya ikunena m'Chilatini kuti ikhulupirira Yesu Khristu, ndipo piyano imalowa ndi nyimbo yodziwika ya Bach ya mu C major, yoyera ngati madzi. Kenako amabwera mawu a pa Mateyu 5 onena za diso kulipa diso ndi dzino kulipa dzino. Pamenepo manoti 12 aja amayamba kuunjikana, phokoso limakula, kwaya imasiya kuimba n'kuyamba kukuwa, oimba zida aliyense akuliza zake. Chipwirikiti chikafika pachimake, mawu a Yesu oletsa kubwezera choipa amamveka, Bach n'kubwereranso. Anthu m'holomo anaomba m'manja mosalekeza mpaka nyimbo yonse inaimbidwa kachiwiri usiku womwewo.

Boma la chikomyunizimu linkaphunzitsa kuti kulibe Mulungu, ndiye apa kwaya yavomereza chikhulupiriro pamaso pa khamu, khamulo n'kupempha kuti ibwereze. Phokoso lija akanatha kulipirira, koma mawuwo ayi. Credo inaletsedwa, ndipo kwa zaka zoposa khumi sinamvekenso m'dzikomo.

Madzulo ndinaimvetsera yonse ndili chikhalire pa benchi moyang'anana ndi nyumbayo. Ndi nyimbo ya mphindi pafupifupi 12. Pakati pake ndinachita kuchepetsa voliyumu, mtima ukugunda.

Lachinayi, Laulasmaa

Basi yochoka ku Tallinn imalowera kumadzulo, makilomita pafupifupi 35, n'kukutsitsa m'mbali mwa msewu. Kuchoka apo umayenda wapansi m'kanjira kodutsa pakati pa mitengo ya paini. Nyumba ya Arvo Pärt Centre suiona msanga, chifukwa ndi yaifupi, ya makoma agalasi, ndipo mizati yake yopyapyala imasokonezeka ndi mitengoyo. Banja la a Pärt linayambitsa malowa mu 2010, ndipo nyumba yatsopanoyi, imene anajambula akatswiri a ku Spain, Fuensanta Nieto ndi Enrique Sobejano, inatsegulidwa mu Okutobala 2018. Muli laibulale, holo ya anthu 150, mosungira zolemba, nsanja, ndi katchalitchi kakang'ono ka Orthodox m'kabwalo kamkati.

Kuno ndadzera zaka za pakati pa 1968 ndi 1976, zimene anthu amati a Pärt anangoti zii. Kupatula Symphony yachitatu ya mu 1971, palibe nyimbo yaikulu imene inatuluka. Chiletso cha boma chinalipo, koma vuto lalikulu linali mkati mwawo: atalemba Credo anaona kuti njira zonse zimene anaphunzira zawafikitsa pakhoma, sangathenso kunena nazo chimene akufuna kunena. Amasimba okha kuti tsiku lina m'sitolo ya zimbale anamva mwangozi kachidutswa ka nyimbo ya Gregorian, ija amonke amaimba ndi liwu limodzi popanda choimbira, ndipo anazindikira kuti mzere umodzi wokha ungathe kunyamula zonse. Anayamba kukumba nyimbo zakale, za Pérotin, Machaut, Ockeghem, Josquin. Mu 1972 anakwatira mayi Nora, nalowanso mpingo wa Orthodox.

Kungoti zii kumeneku sikunali kupinda manja. Anadzaza makope ndi makope ndi mizere ya nyimbo ya liwu limodzi, mizere zikwizikwi. Nthawi zina ankawerenga salimo, kenako n'kulemba mzere umodzi msangamsanga osaganizira kwambiri, n'kupita pa salimo lotsatira. Ndaona masamba ena a makope amenewa. Mzere pansi pa mzere, tsamba lonse lodzaza, wina wofufutidwa, wina wozunguliridwa ndi cholembera, m'mbali muli timawu tolembedwa mothinana. Palibe mzere umene ungautenge kukaimba pa konsati. Munthu wa zaka pafupifupi 40, wodziwika kale m'dziko lonse, anabwerera kukaphunzira kuchoka pa noti imodzi kufika pa yachiwiri.

Chipatso chake chinaoneka mu Febuluwale 1976, kanyimbo ka piyano ka masamba awiri, Für Alina. Njira yatsopanoyi anaitcha tintinnabuli, kuchokera ku liwu la Chilatini la timabelu. Anzanga a solfa, lamulo lake mungathe kuliyesa lero lomwe muli awiri. Woyamba aziyenda sitepe ndi sitepe: la, ti, do, re, mi, n'kutsikanso. Wachiwiri saloledwa kuimba noti ina iliyonse kupatula la, do ndi mi, ndipo nthawi zonse azitenga imene ili pafupi kwambiri pansi pa mnzakeyo. Woyamba akakhala pa la, wachiwiri ali pa mi wapansi. Woyamba pa ti, wachiwiri pa la, ndipo apa mawu amakhulana, khutu limamva kuwawa pang'ono. Pa do, wachiwiri akadali pa la, zamasuka. Pa re, wachiwiri pa do, zakhulananso. Pa mi, wachiwiri pa do, mpumulo. Liwu lachiwirilo lili ngati mayi woyenda pambali pa mwana amene akuphunzira kuyenda: mwana apite uku kapena uko, dzanja la mayi lili pomwepo. A Pärt eni ake anafotokozapo kuti liwu loyendalo ndi moyo wa munthu ndi zolakwa zake, pamene linalo ndi chikhululuko chimene sichimusiya, ndipo awiriwo pamodzi amapanga liwu limodzi.

Mu Für Alina noti yapansi kwambiri imalira poyamba n'kumangomveka chapansipansi, woimba ataponda pedulo. Pamwamba pake chigawo chilichonse chimawonjezera noti imodzi mpaka kufika 8, kenako n'kuyamba kuchepa. Malo amodzi okha, chakumapeto, dzanja lamanzere limatuluka m'manoti atatu aja n'kugwira noti yachilendo, pedulo n'kumasulidwa. Pamalo pamenepo a Pärt anajambulapo kaduwa. Lamulo analisunga nyimbo yonse kuti pamene alithyola kamodzi pamveke.

Chitseko chitatseguka, nyimbo zinakhamukira. Gulu la Hortus Musicus la Andres Mustonen linaimba zoyamba za mtunduwu ku Tallinn mu Okutobala 1976. Chaka cha 1977 chokha kunatuluka Fratres, Summa, Cantus ndi Tabula Rasa, imene inaimbidwa koyamba pa 30 Seputembala ndi Gidon Kremer ndi Tatjana Grindenko pa mavayolini, Alfred Schnittke pa piyano, Eri Klas akutsogolera. Spiegel im Spiegel inatsatira mu 1978.

Ndinakhala m'laibulale ndi pepala la Cantus, imene analemba polira Benjamin Britten, wopeka wa ku England amene anamwalira pa 4 Disembala 1976 a Pärt asanakumane naye, chonsecho ankafunitsitsa kutero. Belu limodzi ndi zoimbira za zingwe basi. Nyimbo yonse ndi sikelo imodzi yotsika: la, kenako la so, kenako la so fa, kumangowonjezera. Magulu asanu amaimba zomwezo, koma gulu lililonse limayenda pang'onopang'ono kawiri kuposa la pamwamba pake, moti besi wamkulu amatenga nthawi yochuluka ka 16 kuposa mavayolini oyamba. Papepala ndi masamu okhaokha. Koma ukaimva, ndi maliro enieni, anthu akutsika ndi chisoni chimodzi aliyense pa liwiro lake mpaka onse atakumana pansi. Amene amati zoterezi aliyense angalembe ayambe wayesa kupeza lamulo limodzi lotere limene lingalize munthu misozi.

Ndisanakwere basi ndinatsikira kunyanja, imene ili pafupi. Mphepo inali yamphamvu, sindinakhalitse.

Lachisanu, Tallinn

Mvula kuyambira m'mawa. Ndinapita ku siteshoni ya sitima ya Balti jaam, n'kukhala pansi pa denga ndikuganiza za Januwale 1980. Nyimbo zatsopano zija zinali zitayamba kumveka kunja kwa dziko, ndipo kwa akuluakulu a chipani munthu wopeka nyimbo zachipembedzo amene akutchuka kumadzulo anali minga. Anawapanikiza mpaka a Pärt, mayi Nora ndi ana awo aamuna awiri anakwera sitima kutuluka m'Soviet Union. Anafikira ku Vienna, ndipo mu 1981 anasamukira ku West Berlin ndi thandizo la DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira ndi akatswiri ochokera kunja. Kwawo kuno nyimbo zawo zinazimiririka m'makonsati.

Chimene chinawatulutsa poyera ndi wayilesi ya m'galimoto. Manfred Eicher, mwini kampani ya zimbale ya ECM ku Munich, anamva Tabula Rasa akuyendetsa, osadziwa kuti ndi ya yani, ndipo anafufuza mpaka anampeza mwini wake. Chimbale chinatuluka mu 1984, muli Fratres yoimbidwa ndi Gidon Kremer ndi Keith Jarrett, ndipo ndi chimene chinatsegula mndandanda wa ECM New Series.

Zaka za ku Berlin ndi zimene ife a kwaya timapindula nazo kwambiri, chifukwa a Pärt anatembenukira ku mawu opatulika: Passio mu 1982, Te Deum, Miserere mu 1989, Berliner Messe mu 1990, ndi Kanon Pokajanen ya mu 1997, pemphero lalitali la kulapa m'Chisilavo cha m'tchalitchi, lolembedwera chikondwerero cha zaka 750 za tchalitchi chachikulu cha ku Cologne. Mu Passio, imene ndi nkhani ya masautso a Yesu yochokera pa Yohane 18 ndi 19, mawu ndi amene amalamula nyimbo. Kutalika kwa liwu lililonse kumanena kuchuluka kwa manoti, ndipo zizindikiro za m'kalembedwe, mpumiro ndi mpatuliro, zimanena pamene noti italike ndi pamene oimba apume. Yesu ndi besi woyenda pang'onopang'ono, Pilato ndi tena, wosimba nkhani ndi anthu anayi. Wopeka sakuuza omvera pamene ayenera kulira. Amangoika mawuwo patsogolo pawo kwa mphindi pafupifupi 70. Oimba a Hilliard Ensemble ndi Paul Hillier ndiwo anazifalitsa nyimbozi poyamba, kenako Tõnu Kaljuste ndi Estonian Philharmonic Chamber Choir.

Madzulo ndinabisala mvula m'tchalitchi china cha mumzinda wakale, ndipo ndinapeza kakwaya kakuyeserera. Sanali kuimba za a Pärt, koma woimbitsa anawabwezera kangapo pa noti imodzi yaitali imene masoprano ankaitsitsa akamatha mpweya. Vuto la nyimbo za a Pärt ndi lomweli. Mulibe pobisala. Noti ikatsika pang'ono chabe, tchalitchi chonse chimamva.

Loweruka, Tallinn

Kwacha bwino, ndipo ndinapita ku Lauluväljak, bwalo la zikondwerero za nyimbo. Mwambo wa zikondwererozi unayambira ku Tartu mu 1869, ndipo pansi pa denga lopindika la bwaloli pamaima oimba zikwi makumi nthawi imodzi. Pa 11 Seputembala 1988 chinamtindi cha anthu chinasonkhana pano kuimba nyimbo za ufulu, tsiku lomwe a Pärt ankakwanitsa zaka 53 ali ku Berlin. Estonia inapezanso ufulu wake pa 20 Ogasiti 1991. A Pärt anayamba kumabwerabwera, koma kudzakhazikika kwenikweni kunachitika mu 2010.

Pali ena amene amaganiza kuti munthu wa mapemphero ngati ameneyu za dziko sizimukhudza. Mtolankhani wa ku Russia Anna Politkovskaya ataphedwa ku Moscow pa 7 Okutobala 2006, a Pärt analengeza kuti kuimbidwa kulikonse kwa nyimbo zawo m'nyengo ya makonsati ya 2006 mpaka 2007 kukhale kokumbukira mayiyo. Symphony yawo yachinayi, imene Esa-Pekka Salonen anatsogolera koyamba ku Los Angeles mu Januwale 2009, anaipereka kwa Mikhail Khodorkovsky, wamalonda wotsutsa boma la Russia, amene pa nthawiyo anali m'ndende ku Russia. Munthu amene analemba Credo mu 1968 sanasinthe, anangopeza kalankhulidwe kena. Ulemu nawo unabwera: chimbale cha Adam's Lament chotsogoleredwa ndi Kaljuste chinapata mphotho ya Grammy mu 2014.

Ndisanapite kukalongedza ndinalowa m'sitolo ya mabuku a nyimbo kukafuna pepala limodzi loti tikayese ndikabwerera. Ndasankha Bogoróditse Djévo, moni wa mngelo kwa Mariya m'Chisilavo, imene a Pärt analembera kwaya ya King's College ku Cambridge mu 1990 kuti iimbidwe pa mapemphero a tsiku loti mawa ndi Khrisimasi. Ndaisankha dala chifukwa ndi yothamanga, yachimwemwe, ndipo imatha mphindi imodzi ikangopitirira pang'ono. Manoti ake savuta kuwerenga. Ntchito ili pa lilime, pakuti mawu a Chisilavowo ayenera kutuluka onse pamodzi, mofulumira komanso momveka. Atena ndi mabesi, konzekani: tidzayamba ndi kuwatchula mawuwo pakamwa pokha, mobwerezabwereza, tisanaike noti ngakhale imodzi.